Kodi mtsogoleri wa dziko amagwira ntchito yanji tsiku lonse?

Gologolo21
Abale ndithandizeni, funso langa ndi lenileni sindikunyoza munthu. Kodi mtsogoleri wa dziko akadzuka mmawa amakagwira ntchito yanji? Chifukwa ine ndikatsegula TV zomwe ndimaona nzomwezomwezo, lero akudula riboni pa mlatho, mawa akulandira kazembe ajambulitsa chithunzi, mkuja ali pa bwalo la ndege akutsanzikana ndi nduna, kenako ali ku maliro. Ndipo si dziko limodzi ayi, onerani nkhani za maiko ena muona zomwezo. Nde ndimadzifunsa kuti mavuto a anthu amawaganizira nthawi yanji? Kapena ntchito yake ndi imeneyo basi ife timangoyembekezera zambiri? Zikundisowetsa mtendere chifukwa munthu umaima pa mzere kuvota ndi mtima wako wonse.

Tsabola
Ntchito yake ndi yomwe mwaionayo achimwene. Zinazo amagwira ndi anthu ena iye amangolandira ulemu.

mlembi_wakale
A Tsabola pamenepo ndikutsutsani. Ine ndinagwirapo zaka zingapo mu ofesi ina ya boma yomwe makalata ake amakathera pa tebulo la mtsogoleri, sinditchula kuti ndi iti. Zomwe mumaona pa TV ndi kachigawo kakang'ono ka tsiku. Ntchito yeniyeni ndi mafayilo. Nkhani imachoka ku unduna ili ndi masamba mwina 60, ife timaifinya mpaka itsale masamba awiri, pansi timasiya malo oti bwana alembe kuti wavomera, wakana kapena akufuna nduna ibwere adzakambirane. Madzulo mafayilo amanyamulidwa kupita kunyumba kwake, mmawa timadikira kuona kuti abwerera angati. Tsiku lina amabwerera onse ali ndi ndemanga za cholembera mmbali, tsiku lina osabwerera ndi imodzi yomwe.
Pali fayilo ina ya chikuto chobiriwira sindidzaiiwala. Munali maina a anthu oti akhale mu bodi ya bungwe lina la boma. Inakhala miyezi inayi osasayinidwa. Miyezi yonseyo bungwelo linalibe bodi, kutanthauza kuti silikanatha kulemba anthu ntchito kapena kuvomereza kontilakiti yaikulu, akuluakulu ake amatiimbira foni mmawa uliwonse mpaka tinayamba kuchita manyazi kuyankha. Pa TV panalibe amene anaona chilichonse, koma anthu ambirimbiri amavutika chifukwa cha siginecha imodzi. Ndiye mukafuna kudziwa ngati mtsogoleri akugwira ntchito funsani kuti mafayilo akumagona masiku angati.

Gologolo21
Iii zimenezi sindimazidziwa ndithu. Zikomo akulu. Koma nanga zonsezo ayenera kusayina yekha? Sangapatseko ena?

wa_malamulo
Zina angagawe, zina malamulo oyendetsera dziko amati ndi iye basi. Mmaiko ambiri omwe pulezidenti ndi mutu wa boma, iye ndi amene amasankha nduna ndi akazembe, amasankha kapena kuvomereza majaji akuluakulu, amatsogolera msonkhano wa nduna, ndi mkulu wa asilikali onse, amakhululukira akaidi, komanso bilu ikadutsa ku nyumba ya malamulo siikhala lamulo mpaka ifike mmanja mwake. Ndipo pa bilu pali nthawi yoikika, sangangoiponya mu diloo. Ku America pulezidenti ali ndi masiku 10, osawerengera Lamulungu, kuti asayine kapena aikane, akaikana Congress, nyumba ya malamulo ya kumeneko, itha kumupitirira ngati magawo awiri mwa atatu a nyumba zonse ziwiri avotanso kuti idutse. Ku Malawi ndi masiku 21, akakana ayenera kuibweza kwa Sipikala ndi zifukwa zake, aphungu akaidutsitsanso ndiye kuti asayine basi. Munthu amene akusayina osawerenga tsiku lina adzasayina chinthu chomwe chidzapweteke dziko zaka 20.

Tsabola
Nanga timadziwa bwanji kuti amawerenga? Mesa ali ndi alangizi gulu lonse omuuza kuti sayinani apa bwana.

mlembi_wakale
Zimadziwika mayi. Fayilo yowerengedwa imabwerera ndi mafunso. Ina inabwerako atazunguliza nambala imodzi pa tsamba lachiwiri nkulemba kuti iyi ikusiyana ndi yomwe munandipatsa mwezi watha, unduna wonse unagwedezeka tsiku limenelo.

Kadzidzi
Ndiwonjezereko pang'ono, tisasakanize. Pali maiko omwe mtsogoleri wa dziko ndi wina, woyendetsa boma ndi wina. Ku Germany pulezidenti ndi Frank-Walter Steinmeier kuyambira 2017 koma boma amayendetsa ndi chancellor, yemwe ali ngati nduna yaikulu. Ku India chimodzimodzi, pulezidenti Droupadi Murmu alipo koma mphamvu za tsiku ndi tsiku zili kwa nduna yaikulu. Ku Ethiopia nakonso. Ku Britain mfumu ndi yomwe imalandira akazembe ndi kupereka mamendulo, nduna yaikulu imalimbana ndi bajeti ndi aphungu. Ndiye zomwe a Gologolo akudandaula kuti munthu mmodzi ali ku riboni komanso akuyenera kuganiza za chuma, vuto limenelo limakula mmaiko omwe maudindo awiriwa anaunjikidwa pa munthu mmodzi, monga America ndi maiko ambiri a mu Africa. Tsiku lili ndi maola 24 kwa aliyense.

wa_malamulo
Zoona a Kadzidzi, komabe ngakhale awo timati ndi a mwambo chabewo sakhala manja lende. Horst Köhler ali pulezidenti wa Germany anakana kusayina malamulo awiri mu 2006 chifukwa anaona kuti akusemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Mfumukazi Elizabeth amalandira bokosi lofiira la makalata a boma pafupifupi tsiku lililonse kwa zaka 70, ndipo sabata iliyonse amakumana ndi nduna yaikulu awiriwiri. Pa 6 September 2022 analandira Liz Truss ku Balmoral kumupempha kuti apange boma, pa 8 September anamwalira. Masiku awiri okha. Ine nkhani imeneyo imandikhudza.

mai_awiri
Ine za mafayilo sindikutsutsa, koma tikambeko za mdipiti wa galimoto. Chaka chatha mwana wanga wamng'ono anadwala mphumu usiku kufika mmawa, mpweya ukuchita kulira pachifuwa, tinapeza galimoto yoti itithamangitsire kuchipatala. Tili mnjira apolisi anatseka msewu akuti kudutsa akuluakulu. Ndinatsika ndi mwana mmanja kukawachonderera, wapolisiyo anali mnyamata wamng'ono, ndinaona mmaso mwake kuti akumva chisoni koma anati mayi ndikakulolani ntchito yanga yatha. Tinaima pamenepo mphindi zoposa 30, mwana milomo itayamba kusintha mtundu. Mulungu anatichitira chifundo ali bwino pano, koma mpaka lero ndikamva masaireni mtima umandigunda. Ulendo umenewo unali wokatsegulira msonkhano. Ndiuzeni kuti chofunika chinali chiti.

namwino_wausiku
Pepani kwambiri amayi. Ife kuntchito zimenezi timaziona, odwala kufika mochedwa chifukwa cha msewu wotsekedwa. Pakanakhala lamulo lomveka bwino loti galimoto yonyamula wodwala idutse ngakhale kukubwera ndani, wapolisi uja sakanaopa.

Tsabola
Mark Rutte ali nduna yaikulu ya Netherlands amapita ku ofesi pa njinga yakapalasa. José Mujica wa ku Uruguay, 2010 mpaka 2015, amakhala pa munda wake nkumayenda pa kagalimoto kakale ka Volkswagen, malipiro ake ambiri amapereka kwa osowa. Nanga ena chimavuta nchiyani?

msilikali_wopuma
Achemwali zimenezo nzokoma kumva koma pali mbali ina. Olof Palme, nduna yaikulu ya Sweden, amakonda kuyenda ngati munthu wamba. Pa 28 February 1986 akuchokera kokaonera kanema ndi mkazi wake mu Stockholm, opanda womulondera, anawomberedwa pa msewu nkufa. John Kennedy, pulezidenti wa America, pomwe amawomberedwa mu 1963 ku Dallas anali mu galimoto yosatseka pamwamba. Mtsogoleri akaphedwa dziko lonse limagwedezeka, maiko ena nkhondo imayambira pomwepo. Ndiye chitetezo musachipeputse. Chomwe ndingavomereze nchakuti kutseka msewu theka la ola ndi ulesi wa okonza ulendo. Ngati mawailesi akugwira bwino ntchito, mphambano imatsekedwa mphindi zochepa mdipiti usanafike nkutsegulidwa ukangodutsa. Vuto limabwera pamene aliyense pansi akuopa kukalipiridwa, wina amati tsekani msanga, wapansi pake amawonjezeranso mphindi khumi, mapeto ake mayi ali ndi mwana wodwala waima padzuwa. Ndipo galimoto zambiri mu mdipiti si za chitetezo, ndi za anthu ofuna kuoneka kuti ali pafupi ndi bwana.

mai_awiri
Zikomo bambo poyankha mwaulemu. Ine sindikufuna mtsogoleri aphedwe ayi. Ndikungofuna wina mu ofesimo azikumbukira kuti pa msewupo pali anthu.

Gologolo21
Tabwererani ku funso langa abale. Za akazembe zija, kulandira munthu kujambulitsa basi, phindu lake nchiyani?

Kadzidzi
Si chithunzi chabe. Kazembe watsopano amabwera ndi kalata yochokera kwa mtsogoleri wa dziko lake yopita kwa mtsogoleri wa dziko lomulandira, ndipo malinga ndi pangano la ku Vienna la 1961 amawerengedwa kuti wayamba ntchito akapereka kalatayo, kapena mmaiko ena akapereka kope yake ku unduna wa zakunja. Tsiku lomwelo ndi lomwe limanena kuti pakati pa akazembe wamkulu ndani, amene anayamba kupereka amakhala patsogolo pa miyambo. Mukamusiya kazembe miyezi isanu osamulandira dziko lake limamva kuti mwalinyoza. Komanso pakatha zojambulazo amakhala pansi mphindi zingapo, mtsogoleri wokonzeka amagwiritsa ntchito mphindi zimenezo kunena chinthu chimodzi chomwe akufuna ku dzikolo, kaya ndi msika wa katundu, kaya ndi ngongole, kazembe amakalemba kwawo tsiku lomwelo.

mlembi_wakale
Eya, ndipo ife timakonza kapepala kamodzi ka kazembe aliyense, dzina lake limatchulidwa bwanji, dziko lake tili nalo pa nkhani zanji, chomwe osatchula nchiyani. Tsiku limodzi amatha kubwera anayi kapena asanu motsatizana, ukasokoneza mapepala wachititsa dziko manyazi.

Tsabola
Chabwino akazembe ndamva. Nanga maulendo akunja? Mwezi ndi mwezi ali mmwamba.

dalaivala_wa_lole
Apa ndiye ndili nanu. John Magufuli wa ku Tanzania atangolowa upulezidenti mu 2015 analetsa maulendo akunja a akuluakulu a boma opanda chilolezo, chikondwerero cha ufulu cha pa 9 December anachiimitsa nkuuza anthu kuti akasese mmisewu, iye yemwe anatola zinyalala. Dziko linayendabe.

Kadzidzi
Linayenda inde, koma maulendo ena sungawathawe. Msonkhano waukulu wa United Nations ku New York mu September, maiko 193, aliyense amapatsidwa mphindi pafupifupi 15 zolankhula, Brazil imayamba America nkutsatira. Zolankhulazo ambiri sazimvera nkomwe, holo imakhala ndi mipando yopanda anthu, chomwe amapitira ndi tizipinda ta mmbali momwe pa masiku atatu ungakumane ndi atsogoleri khumi omwe kuwayendera mmodzimmodzi kungatenge chaka. African Union ku Addis Ababa kumayambiriro a chaka, SADC mu August, nazonso choncho, mukatumiza nduna pomwe anzanu atumiza mapulezidenti nduna yanuyo siilowa mu zokambirana zina. Funso labwino nloti wapita ndi anthu angati ndipo wabwerako ndi chiyani. Pamenepo nanenso ndimakwiya, chifukwa gulu la anthu operekeza ndi lomwe limadya ndalama.

Gologolo21
Mphindi 15 zokha ulendo wonsewo?

Kadzidzi
Ena samvera. Fidel Castro mu 1960 analankhula maola anayi ndi theka, Gaddafi mu 2009 anapitirira ola ndi theka.

mphunzitsi_wopuma
Ana anga ndiloleni ndiikepo mawu pa nkhani ya maliro ndi ngozi, chifukwa a Gologolo mwaiika mgulu la zinthu zotaya nthawi ndipo ine sindikugwirizana nazo. Ndinakhalapo pa msasa wa anthu othawa madzi osefukira, sukulu yomwe ndimaphunzitsa ndi yomwe inasanduka msasa, mkalasi imodzi mumagona mabanja oposa khumi, madesiki titawaunjika pakona. Kwa sabata ndi theka timangomva kuti thandizo likubwera. Tsiku lomwe kunamveka kuti mtsogoleri abwera, msewu womwe amati sungadutsike unakonzedwa usiku umodzi, matenti anafika, mankhwala othira mmadzi anafika. Ndinakwiya kuti bwanji sizinabwere kale, koma ndinaphunzira kuti komwe mtsogoleri waponda boma lonse limathamangira komweko. Phazi lake ndi chida, nkhani ndi yoti akuliponda kuti.
Chachiwiri, panali gogo wina amene anataya adzukulu awiri. Sanalankhule ndi munthu masiku onsewo. Mtsogoleri uja atafika anagwada pa mkeka nkumugwira dzanja, gogoyo analira koyamba, ndipo usiku umenewo anadya. Ine ndinaona ndi maso angawa. Musandiuze kuti imeneyo si ntchito.

namwino_wausiku
Mwandiliza aphunzitsi. Jacinda Ardern, yemwe anali nduna yaikulu ya New Zealand, anthu amamukumbukira chifukwa cha chomwecho, anthu 51 ataphedwa mmizikiti ya ku Christchurch mu March 2019 anapita kukakumbatira ofedwa atafunda mpango kumutu, ndipo mwezi usanathe lamulo la mfuti linasintha. Anachita zonse ziwiri, kulira ndi anthu komanso kusintha lamulo.

wa_malamulo
Ndipo mbali inayo, George W. Bush ali pulezidenti wa America mu 2005 pa mphepo ya Katrina anajambulidwa akuyang'ana New Orleans pa windo la ndege osatsika, chithunzi chimenecho chinamutsata mpaka kumapeto a ulamuliro wake.

Tsabola
Aphunzitsi ndakumvani ndipo ndikupepesa ngati ndinalankhula mopepuka. Koma inunso mukudziwa kuti nthawi zina ana asukulu amawachotsa mkalasi kukaima mmbali mwa msewu kuyambira mmawa kudikira munthu wofika 3 koloko.

mphunzitsi_wopuma
Ndikudziwa mwana wanga, ndinaimapo nawo, mtsikana wina anakomoka mmanja mwanga ndi njala ndi dzuwa. Chimenecho ncholakwika ndipo sindidzachiikira kumbuyo. Kupita kwa ovutika ndi kwina, kusonkhanitsa anthu kuti akuombere mmanja ndi kwinanso.

dalaivala_wa_lole
Ine ndimaona ngati boma limayenda lokha. Belgium inakhala masiku 541 kuyambira 2010 mpaka 2011 zipani zikukanika kupanga boma latsopano, koma masitima amayenda, anthu amalandira malipiro.

wa_malamulo
Panali boma logwirizira achimwene, nduna yaikulu yakale inapitiriza kuyendetsa za tsiku ndi tsiku, mfumu nayo inali kalikiliki kuitana atsogoleri a zipani. Komanso kumeneko zigawo zili ndi maboma awoawo amphamvu. Mukatengera dziko lomwe chilichonse chimadikira siginecha ya munthu mmodzi ngati momwe a mlembi afotokozera, miyezi iwiri yokha zinthu zaima.

mlembi_wakale
Apa ndiye mwafika pomwe pamandipweteka ine. Mtsogoleri wanzeru amadziwa zoti agawe. Nelson Mandela ntchito zambiri za tsiku ndi tsiku anasiyira wachiwiri wake Thabo Mbeki, iye nkumalimbana ndi chomwe amaona kuti palibe wina angachite, kuyanjanitsa anthu. Mu 1995 pa fainolo ya rugby ku Ellis Park anavala jezi nambala 6 ya Springboks, timu ya South Africa yomwe ambiri amaiona ngati ya azungu, nkupereka chikho kwa kaputeni wake Francois Pienaar, mwina wina akanati akutaya nthawi ku masewera, koma iye amadziwa chomwe akuchita. Vuto ndi mtsogoleri amene safuna kugawa mphamvu komanso safuna kukana mwambo uliwonse womwe waitanidwa. Makalata oitana amabwera mulu, mipingo, makampani, masukulu, aliyense akufuna iyeyo osati nduna. Wosunga dayale yake, buku la zomwe achite tsiku lililonse, ndi munthu wamphamvu kuposa nduna zambiri ngakhale dzina lake simudzalimva, chifukwa ndi amene amanena kuti Lachiwiri mmawa bwana aonana ndi akatswiri a zaumoyo kapena akatsegulira nyumba. Mutu ukakula sulewa nkhonya, zoona, koma nkhonya zina amazipala okha polola dayale kudzaza ndi zamiyambo mafayilo nkumagona.

Gologolo21
Ndiye bwanji osangotionetsa dayaleyo? Ife tidziwe kuti lero wakumana ndi ndani.

Kadzidzi
Kwina zimachitika. White House imatulutsa ndandanda ya pulezidenti ya tsiku, ndipo nthawi ya Barack Obama anayamba kutulutsanso maina a alendo olowa mnyumbamo. Obama yemweyo amawerenga makalata 10 a anthu wamba tsiku lililonse. Ku Britain kuli Court Circular yomwe imalemba zomwe a banja lachifumu achita. Zina za chitetezo sangaulule inde, koma zambiri palibe chobisira.

wa_malamulo
Kwa ine choposa dayale ndi mafunso. Ku Britain Lachitatu lililonse 12 koloko masana, nyumba ikakhala kuti ikukumana, nduna yaikulu imaima kuyankha aphungu kwa theka la ola, mtsogoleri wotsutsa ali ndi mafunso 6. Kale zimachitika kawiri pa sabata mphindi 15, Tony Blair ndi amene anaziphatikiza mu 1997. Phindu lake lalikulu lili pa kukonzekera, chifukwa munthu wodziwa kuti Lachitatu afunsidwa chilichonse amakakamizika kufunsa unduna uliwonse kuti zili pati. Ku South Africa pulezidenti amapita kukayankha aphungu kangapo pa chaka. Ku Malawi malamulo oyendetsera dziko amanena za zomwezi, ndipo Lazarus Chakwera anakayankha mafunso ku nyumba ya malamulo mu September 2020.

Tsabola
Koma aphungu a mbali yake amangofunsa zomukometsera.

wa_malamulo
Ena inde. Otsutsa alipo, atolankhani akumvera, yankho labodza limatsala mu zolembedwa za nyumba.

mai_awiri
Ine ndikanakhala phungu funso langa likanakhala limodzi, lamulo lotseka msewu analemba ndani ndipo likunena chiyani za wodwala.

msilikali_wopuma
Amayi funso limenelo mutha kulemba kalata kwa phungu wanu kuti akalifunse, kapena kwa mkulu wa apolisi. Lembani tsiku, nthawi ndi malo omwe munaimitsidwa, dzina la mnyamata uja musalembe, iye amangotsata zomwe anauzidwa.

Gologolo21
A mlembi funso lomaliza, fayilo yobiriwira ija inatha bwanji?

mlembi_wakale
Inasayinidwa Lachisanu lina madzulo, maina awiri atafufutidwa nkulembapo ena ndi cholembera. Kenako tinamva kuti mmodzi mwa ofufutidwawo anali ndi mlandu wa ndalama womwe unduna sunatiuze, bwana anaumva kwa anthu ena ndipo amafufuza yekha mwakachetechete. Mpaka lero ndimasinkhasinkha ngati miyezi inayi ija inali kuchedwa kapena kusamala, chifukwa kufufuzako kukanatheka sabata ziwiri akanangotiuza kuti tithandize. Mmodzi mwa omwe amadikira kulembedwa ntchito ku bungwe lija anali atapita kale kunja pomwe bodi imakhala pansi koyamba.

mai_awiri
Bambo msilikali, kalatayo ndilembe mchilankhulo chathu kapena mpaka Chingerezi? Tsiku ndikulikumbukira bwino, ndinalilemba mu buku la kuchipatala la mwana.